BEDLAM: DZINA LA CIPATALA LIMENE LINASANDUKA LIU LA CIPWIRIKITI

Munthu amene afika pa siteshoni ya mabasi pa Chongwe m'mawa wa Loweruka la kumapeto kwa mwezi amalonjeredwa ndi phokoso asanaone n'komwe basi imene akwere. Anyamata oitanira okwera amakuwa molimbirana, aliyense ali kukokera katundu ku basi yake. Madalaivala amaliza mahutala, amai a malonda amaitana ogula matimati ndi nthoci, nkhuku zomangidwa miyendo zimalira m'madengu, ndipo mwana amene wasocera pakati pa khamu amalira koposa zonsezi. Palibe amene ali kumva mnzake, ndiponso palibe amene ali kutsogolera.

Wolankhula Cinyanja akaona zotere amati pali cipwirikiti, piringu-piringu kapena cisokonezo, ndipo a mu Lusaka amangoti pali congo. Mngelezi nayenso ali ndi liu lake, ndilo "bedlam", limene pochula limamveka ngati "bedilamu". Ana a sukulu za sekondale amakumana nalo m'mabuku ao, ndipo limapezekanso m'nyuzipepala za Cingelezi. Ambiri amaliloweza pamtima pamodzi ndi tanthauzo lake, osadziwa kuti paciyambi liuli silinali kunena za phokoso konse. Linali dzina la cipatala ca odwala misala mu mzinda wa London. Mbiri ya mmene dzina la nyumba yociritsiramo anthu linasandukira liu la cipwirikiti iyenera kumveka m'mabanja a m'boma la Chongwe, pakuti pa mseu umene iwo amayendamo popita ku Lusaka pali cipatala cina cimene dzina lake lili kulondola njira yomweyo.

TANTHAUZO LAKE

Si phokoso lililonse limene Angelezi amalicha bedlam. Cigayo cikamagaya, mvula ikamagunda pa malata, kapena galu mmodzi akamauwa usiku, limenelo ndi phokoso cabe. Kuti pakhale bedlam pafunika zinthu zitatu: anthu ambiri, mau ambiri osagwirizana, ndi kusowa kwa wotsogolera amene onse angamumvere. Moto ukabuka pa mudzi m'mwezi wa Okutobala, ena ali kuthamangira madzi, ena ali kutulutsa katundu, amai ali kuitana ana ndipo mbuzi zili kudula zingwe, pamenepo mpamene liuli liyenera. Liyeneranso m'kalasi la ana 60 limene mphunzitsi watulukamo kwa kanthawi.

Pa mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Asoli amasonkhana kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II kupempha mvula ndi kudalitsa mbeu, ng'oma zimagunda ndipo nthungululu zimamveka kutali. Koma imeneyo si bedlam, cifukwa woyimba, wovina ndi wolankhula aliyense amadziwa malo ake ndi nthawi yake. Cimodzi-modzinso pa maliro: kulira kungakule motani, mwambo umakhalapo, ndipo akulu akaimirira anthu amakhala cete.

Liuli limasiyananso ndi cipolowe. M'cipolowe mumakhala mkwiyo, miyala ndi kuononga zinthu, koma bedlam ingakhale ya cimwemwe cokha-cokha. Pa 12 Febuluwale 2012 timu ya Chipolopolo inagonjetsa Ivory Coast ndi mapenate 8 kwa 7 mu mzinda wa Libreville, nitenga cikho ca Africa. M'mawa mwake anthu miyanda-miyanda anakhamukira ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, limene lili m'boma lomwe lino la Chongwe, ndipo mseu wa Great East unadzaza ndi oyimba, oliza malikhweru ndi okwera pamwamba pa magalimoto. Mlembi wa Cingelezi akanakhoza kulemba mwacidule kuti "It was bedlam", ndiko kuti panali cipwirikiti, ngakhale kuti onse anali okondwa.

Ophunzira azikumbukira kuti liuli ndi dzina, si mneni ai, ndipo pa tanthauzo limeneli saliculukitsa. Likalembedwa ndi cilembo cacing'ono limanena cipwirikiti, koma likayamba ndi cilembo cacikulu limaloza cipatala cakale cija. Lili ndi abale ake m'Cingelezi. "Hubbub" ndi mau ambiri osakanikirana monga a pa msika. "Hullabaloo" ndi phokoso la anthu odandaula kapena otsutsa, kawiri-kawiri pa nkhani yosayenera phokoso lotero. "Pandemonium" linapangidwa ndi mlakatuli John Milton m'caka ca 1667 m'buku lake la Paradise Lost, mmene linali dzina la likulu la ziwanda. Mwa onsewa, bedlam yekha ndiye anacokera ku nyumba yeni-yeni imene munali kugona anthu eni-eni.

KUCOKERA KU BETHLEHEM

M'caka ca 1247 munthu wina wolemera wa mu London, dzina lake Simon FitzMary, anapereka malo ake pafupi ndi cipata ca mzinda cochedwa Bishopsgate kuti amangepo nyumba ya opemphera. Nyumbayo inapatsidwa dzina la Maria Woyera wa ku Bethlehem, mudzi umene m'Buku Lopatulika umalembedwa Betelehemu, kumene kunabadwira Yesu. M'Cihebri dzinali limatanthauza "nyumba ya mkate". Nchito yoyamba ya nyumbayo inali kusonkhanitsa zopereka zothandizira mpingo wa ku Bethlehem, koma pang'ono ndi pang'ono inayamba kulandira osauka, alendo ndi odwala.

Lilime la munthu limakonda njira yaifupi. Monga mmene agogo amene anapita kukagwira nchito m'migodi anafupikitsira Johannesburg kukhala Joni, anthu a mu London anafupikitsa Bethlehem kukhala Bethlem, ndipo pambuyo pake Bedlam. Pamene oyendera a boma anafika pa nyumbayo m'caka ca 1403, anapezamo amuna 6 osokonezeka maganizo, ndipo pa katundu wa nyumbayo panalembedwa maunyolo, maloko ndi matangadza. Kuyambira nthawi imeneyo Bethlem inayamba kudziwika monga malo osungirako amisala, ndipo m'caka ca 1547 Mfumu Henry VIII anaipereka m'manja mwa akulu a mzinda wa London.

Nyumbayo inali yaing'ono ndi yosasamalika. Oyendera a m'caka ca 1598 anapezamo odwala pafupi-fupi 20 okhala m'uve woopsa. Ngakhale cinali cacing'ono, cipatalaco cinachuka m'dziko lonse la England, cifukwa kwa zaka zambiri cinali cokhaco ca mtundu umenewu. Opempha-pempha amene anali kuyendayenda m'midzi atavala nsanza, ena odwaladi, ena ongonamizira, anali kuwacha "Tom o' Bedlam", ndipo William Shakespeare anaika munthu wodzionetsa motero m'sewero lake la King Lear. Pofika zaka za m'ma 1600 dzinali linali litatuluka kale pa cipata ca cipatala, ndipo malo alionse a phokoso ndi cisokonezo anayamba kuchedwa bedlam.

ODWALA ASANDUKA CIONETSERO

M'caka ca 1676 cipatala cinasamukira ku Moorfields, m'nyumba yaikulu yokongola ngati ya mfumu, imene anailinganiza katswiri Robert Hooke kuti isunge odwala pafupi-fupi 120. Pamwamba pa cipata anaikapo ziboliboli ziwiri zamwala: cina ca munthu wolusa womangidwa unyolo, cina ca munthu wogona mwacisoni. Kunja kunali ulemerero, koma m'kati odwala ambiri anali kugona pa udzu wouma, ndipo mankhwala ao anali kucotsedwa magazi, kusanzitsidwa, kutsegulidwa m'mimba ndi kumizidwa m'madzi ozizira.

Coipa koposa cinali cakuti cipata cinali cotsegukira aliyense. Munthu anali kuponya kandalama m'bokosi la zopereka, nalowa kukaonerera odwala monga mmene ana a sukulu amaonerera nyama ku Munda Wanga. Pa masiku a cikondwerero, monga Khirisimasi ndi Pasaka, makamu anali kudzaza m'makonde, ena ali kuseka, ena ali kuputa odwala dala kuti alusitsidwe. Akulu a cipatala anali kunena kuti kuonerera kumabweretsa ndalama ndipo kumacenjeza acinyamata za mathero a moyo wotayirira. Wojambula William Hogarth anaonetsa zimenezi m'zithunzi zake za A Rake's Progress za m'caka ca 1735, mmene akazi awiri ovala bwino ali kuyenda pakati pa odwala ngati ali pa ulendo wokasangalala.

Apa mpamene pagona mfundo imene liuli limabisa. Phokoso limene linachukitsa Bedlam silinali kucokera ku matenda okha. Mbali yaikulu inali kulira kwa maunyolo, kukuwa kwa anthu omangidwa ndi ozizidwa, ndiponso kuseka kwa oonerera. Komabe pamene dzinalo linalowa m'cilankhulo, mlandu wonse wa phokoso unagwera odwala.

MUNTHU WA M'CITSULO

M'caka ca 1770 kuonerera kwa anthu wamba kunaletsedwa, ndipo wofuna kulowa anayenera kukhala ndi cilolezo. Kuseka kunatha, koma mabvuto sanathe, pakuti tsopano panalibe maso a kunja oona zocitika m'kati. M'caka ca 1814 Edward Wakefield, munthu wofuna kukonza kasungidwe ka odwala, analowa m'cipatalamo napeza mwamuna wa ku America, James Norris, atamangidwa mwa njira yocititsa nthumanzi. M'khosi mwake munali mkombero wacitsulo wolumikizidwa ndi unyolo waufupi ku mzati wacitsulo wa pa khoma, ndipo zitsulo zina zinali zitazinga cifuwa ndi manja ake. Anali atakhala conco zaka pafupi-fupi 10. Ngakhale zinali tero, alendowo anapeza kuti Norris anali kulankhula zanzeru, ndiponso anali kukonda kuwerenga.

Cithunzi cake cinasindikizidwa, anthu anakwiya, ndipo Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inakhazikitsa komiti yofufuza m'caka ca 1815. Norris anamasulidwa, koma anamwalira caka comweco ndi cifuwa cacikulu. M'caka ca 1816 dotolo wamkulu Thomas Monro anatula pansi udindo wake, ndipo woyang'anira mankhwala John Haslam anacotsedwa nchito. Pa nthawi imeneyo njira ina inali itaoneka kale. Mu mzinda wa York, wamalonda William Tuke anali atatsegula nyumba yochedwa The Retreat m'caka ca 1796, kumene odwala anali kudya pamodzi ndi owasamala, kulima m'dimba ndi kulankhulidwa mwaulemu. Kumeneko kunapezeka kuti munthu amene sanamangidwe sakuwa ngati womangidwa.

Bethlem inasamukanso m'caka ca 1815 kupita ku Southwark, ndipo m'caka ca 1930 inapita ku Beckenham, kunja kwa mzinda, kumene ikali kugwira nchito mpaka lero ndi dzina lakuti Bethlem Royal Hospital. Tsopano ndi cipatala colemekezeka cimene cimaciritsa ndi kuphunzitsa. Koma liu lija linakana kubwerera. Papita zaka zoposa 200 cicotsereni citsulo m'khosi mwa Norris, koma mwana wa sukulu pa Chalimbana akali kuphunzira dzina la cipatalaco monga liu la cipwirikiti.

CHAINAMA PA MSEU WA KU LUSAKA

Kucokera pa Chongwe kukafika pakati pa mzinda wa Lusaka pali makilomita pafupi-fupi 45. Wokwera basi akapitirira Silverest, mphambano ya ku bwalo la ndege ndi Chelston, asanafike pa Munali, amadutsa pa cipata ca Chainama Hills Hospital. Cipatala cimeneci cinatsegulidwa m'caka ca 1962, zaka ziwiri dziko lisanalandire ufulu. Cisanamangidwe, odwala misala a mu Northern Rhodesia anali kusungidwa m'tizipinda ta pambali pa zipatala zina, ena m'ndende, ndipo ena anali kutumizidwa kutali ku Ingutsheni mu mzinda wa Bulawayo, cipatala cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1908. Kwa banja la kumudzi, wodwala wopita ku Bulawayo anali ngati wotayika. Motero kumangidwa kwa Chainama kunali cithandizo cacikulu, pakuti abale anakhoza tsopano kukaona wodwala wao ndi kubwera naye kumudzi atacira.

Koma m'kamwa mwa anthu dzina la Chainama lacita monga linacitira la Bethlem. Ana akasokosa m'nyumba, kholo limafunsa kuti, "Kodi muno ndi mu Chainama?" Munthu akanena zosamveka pa msonkhano, anzake amanong'onezana kuti ngwa ku Chainama. Pokangana pa mowa kapena pa ndale, woluza mfundo amauza mnzake kuti apite ku Chainama. Si Zambia yekha amene acita zotere. Ku Malawi dzina la Zomba, kumene odwala anayamba kusungidwa m'mbali ina ya ndende m'caka ca 1910 ndipo cipatala cao cinatsegulidwa m'caka ca 1953, limagwiritsidwa nchito mwa njira yomweyo. Ku Kenya amachula Mathari, ku Uganda Butabika, ku Tanzania Mirembe. Kulikonse dzina la nyumba ya mankhwala lasanduka mutu wa nthabwala.

Oseka amaiwala cinthu cimodzi. Pa Chainama pomwepo panakhazikitsidwa sukulu ya zaumoyo, imene tsopano ili mbali ya Levy Mwanawasa Medical University, ndipo kwa zaka zambiri inaphunzitsa madotolo aang'ono amene amagwira nchito m'makiliniki a kumidzi. Ambiri mwa amene amapima malungo a ana, kusoka zilonda ndi kupereka mankhwala m'makiliniki a dziko lino anatenga maphunziro ao kumeneko. Ngati pali anthu oyenera kuchedwa a ku Chainama, oyamba ndi amenewa.

AMENE AMALASIDWA NDI NTHABWALA

Wina angafunse kuti nthabwala ili ndi vuto lanji, popeza mau sathyola fupa. Yankho lili m'midzi. Banja limene mwana wao wayamba kulankhula yekha, kusagona usiku kapena kuopa anthu, limadziwa kuti akangomveka kuti anagonekedwa ku Chainama, dzinalo lidzam'tsata moyo wake wonse. Adzavutika kupeza mbeta, adzavutika kupeza nchito, ndipo alongo ake adzalozedwa zala pa citsime. Poopa manyazi amenewa, mabanja ena amam'bisa wodwala m'nyumba, ena amam'manga ndi cingwe kapena unyolo pa mtengo, ena amazungulira naye kwa asing'anga ndi m'misasa ya mapemphero mpaka mbuzi zonse zitatha. Pofika ku cipatala, miyezi kapena zaka zimakhala zitapita. Unyolo umene unacotsedwa mu London m'caka ca 1814 umapezeka kuseri kwa nkhokwe, womangidwa ndi anthu amene amam'konda wodwalayo, koma asowa cocita.

Matendawa si acilendo ai. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization linalengeza kuti m'caka ca 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse pa dziko lapansi anali ndi vuto lina la maganizo. Ambiri mwa iwo sakuwa ndipo savula. Ndi amai amene asiya kudya ndi kulankhula atafedwa, bambo amene sagona cifukwa ca ngongole, mtsikana wogwidwa ndi mantha osadziwika cocokera. Matenda aakulu osokoneza maganizo, amene madotolo amawacha schizophrenia, amagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupi-fupi 300. Ndiye kuti m'midzi yocepa yoyandikana simulephera kupezeka mmodzi.

Cofunika kudziwa kwambiri n'cakuti kusokonezeka kwa mutu kuli ndi magwero ambiri, ndipo ena amapha msanga. Malungo akakwera ku ubongo, munthu amabwebweta ndi kulusa, ndipo akapanda kulandira mankhwala angamwalire m'masiku owerengeka. Matenda oumitsa khosi, kacilombo ka HIV kosalandirira mankhwala, kuvulala m'mutu, kacasu ndi camba, zonsezi zingaonetse zizindikiro zonga misala. Amai mmodzi kapena awiri mwa 1,000 amasokonezeka maganizo m'milungu yoyamba atabereka, ndipo ambiri amacira bwino-bwino akathandizidwa msanga. Khunyu, imene ambiri amaisokoneza ndi misala, si misala ndipo sipatsirana pokhudza wodwala kapena malovu ake. Odwala khunyu 7 mwa 10 angaleke kugwa akamamwa mankhwala oyenera. Kuyambira m'caka ca 1952, pamene madotolo a ku France anayamba kupatsa odwala mankhwala a chlorpromazine, anthu ambiri amene kale akanatsekeredwa moyo wonse amakhala kwao, ali kulima ndi kulera ana ao.

MAU PAMASO PA LAMULO

Kuti mau ali ndi mphamvu, ngakhale bwalo la milandu linavomereza. Kwa zaka 70 dziko lino linali kuyendera lamulo la atsamunda la m'caka ca 1949, lochedwa Mental Disorders Act, limene linali kugawa odwala m'magulu ndi maina monga "idiot" ndi "imbecile", mau amene m'Cinyanja afanana ndi citsiru kapena cidzete. M'caka ca 2017 anthu atatu amene anadwalapo matenda a maganizo anakadandaula ku Bwalo Lalikulu la Milandu mu Lusaka. Bwalolo linagamula kuti cigawo ca lamulo cimene cinali ndi maina onyozawo cinali kutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo linanenanso kuti odwala otere ayenera kusamalidwa mwaumunthu m'zipatala zonse.

M'caka ca 2019 Nyumba ya Malamulo inafafaniza lamulo lakalelo nikhazikitsa latsopano, Mental Health Act, limene limateteza ulemu ndi ufulu wa wodwala, ndipo limafuna kuti cithandizo ca matenda a maganizo cizipezeka pafupi ndi kumene anthu amakhala. Lamulo lingacotse liu loipa m'mabuku a Boma, koma silingalowe m'khichini kapena pa bwalo la mowa. Kumeneko woweruza ndi mwini lilime.

Nzeru yosamalira wodwala pakati pa abale ake si yobwereka kwa Azungu. M'caka ca 1954 dotolo wa ku Nigeria, Thomas Adeoye Lambo, anayambitsa njira yatsopano pa Aro, pafupi ndi mzinda wa Abeokuta. Odwala anali kugona m'midzi yozungulira cipatala, aliyense ndi mbale wake wom'perekeza, nalandira mankhwala masana. Njirayo inachuka pa dziko lonse, cifukwa inaonetsa kuti banja ndi mudzi ndi mbali ya mankhwala. Muno mu Zambia munakhazikitsidwanso malo ophunzitsirako ocira nchito za manja ndi ulimi, monga Nsadzu m'boma la Chadiza.

ZIMENE BANJA LINGACITE

Munthu akasintha khalidwe mwadzidzidzi, maka-maka ngati thupi latentha, khosi lauma kapena wakomoka, apite naye ku kiliniki tsiku lomwelo, pakuti angakhale malungo a ku ubongo. Ngati kusinthako kwabwera pang'ono-pang'ono, monga kusagona, kumva mau amene ena sakuwamva, kudzipatula kapena kunena za kudzipha, ulendo uyambirenso pa kiliniki yapafupi. Ogwira nchito kumeneko ndiwo adzaona ngati wodwala angathandizidwe pomwepo, kapena atumizidwe ku cipatala ca boma pa Chongwe, kapena ku Chainama. Si wodwala aliyense amene amagonekedwa; ambiri amapimidwa, nalandira mankhwala, nabwerera kwao.

Wodwala akalusa, anthu asam'zinge ndi ndodo ndi zingwe, ndipo ana asaloledwe kum'tsata ndi kum'seka, pakuti khamu limaonjezera mantha, ndipo mantha amaonjezera ukali. Mipeni, makasu ndi mankhwala a m'munda zicotsedwe pafupi, ndipo munthu mmodzi amene wodwalayo amam'khulupirira alankhule naye motsitsa mau. Akabwera ku cipatala, mbale mmodzi aziyang'anira kamwedwe ka mankhwala ndi masiku obwererako, cifukwa ambiri amene matenda amawayambanso ndi amene analeka mankhwala ataona kuti apeza bwino. Mapemphero ndi citonthozo ca mpingo zili ndi malo ake, koma ziziyenda pamodzi ndi mankhwala, osati kulowa m'malo mwake. Wocira apatsidwe khasu lake, malo ake pa mphasa ndi mau ake pa zokambirana za banja.

Mafumu a midzi, aphunzitsi ndi akulu a mipingo ali ndi mbali yaikulu. Nyakwawa ikamva kuti m'mudzi mwake muli munthu womangidwa, iyenera kufikako ndi kuthandiza banjalo kupeza njira ya ku cipatala, osati kuliweruza. Mphunzitsi wa Cingelezi akafika pa liu la bedlam, angacite bwino kuuza ana mbiri yake yonse, kuti adziwe kuti liulo linabadwira pa kuseka odwala. Tsiku la 10 Okutobala, limene maiko amakumbukira umoyo wa maganizo caka ndi caka kuyambira mu 1992, lingakhale nthawi yabwino yokambirana zimenezi m'sukulu ndi m'misonkhano ya m'midzi.

Makolo akale sanali kum'taya wodwala misala. Anasiya mwambi wakuti "wamisala anaona nkhondo", pophunzitsa kuti ngakhale munthu amene onse amam'peputsa angakhale ndi mau opulumutsa mudzi. Anatinso "caona mnzako capita, mawa cili pa iwe", ndipo pa matenda awa mwambiwu ngwoona, pakuti malungo, ngozi ya pa mseu kapena imfa ya wokondedwa sizisankha nyumba.

Liu la bedlam lidzakhalabe m'Cingelezi, ndipo wophunzira ayenera kulidziwa ndi kuligwiritsa nchito molondola. Angelezi anataya dzina la cipatala cao zaka mazana apitawo, ndipo sangathe kulibweza. Dzina la Chainama lisanafike pamenepo. Cinyanja cili ndi mau okwanira onenera phokoso: cipwirikiti, piringu-piringu, cisokonezo, congo. Kholo lofuna kutontholetsa ana lisankhe limodzi mwa amenewa, ndi kusiyira dzina la Chainama nchito yake, kuti banja limene lidzafune cipatalaco mawa lidzathe kuchula dzinalo pamaso pa anansi popanda kuweramitsa mutu.